Kutseka mabowo a masikuluwu pa matabwa a panja: zolemba za ntchito ya ku Mangochi

Lolemba, kumayambiriro kwa Seputembala

Nyumbayi ili chakumpoto kwa boma, mukapatuka pa msewu wa ku Monkey Bay kulowera kunyanja. Eni ake ndi mayi ena okhala ku Limbe, amabwera nthawi ya tchuthi basi. Andipatsa matabwa onse a panja: fesha bodi yozungulira denga, matabwa a m'mphepete mwa mazenera ndi zitseko, komanso a kudenga la khonde. Fesha bodi ndi ya paini, yokhuthala mamilimita 25, yopaka penti woyera. A m'mazenera ndi a mlombwa, opaka vanishi.

Matabwa ambiri akadali olimba. Chaipitsa nyumba ndi mabowo a masikuluwu. Amene anakhoma anamiza bwino mitu m'thabwa, koma mabowo anawatseka ndi ufa woyera uja wosungunula ndi madzi, womatira ming'alu ya khoma la m'nyumba. Ukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba, bowo lililonse likuoneka. Pena chomatiracho chinagwa kale, pena chilipo koma chazunguliridwa ndi mng'alu, ndipo pansi pa bowo patsika mzere wa dzimbiri. Mbali ya kumadzulo ndiye yanyanya.

Mvula yeniyeni kuno imayamba mu Novembala kapena Disembala, koma Okutobala naye ali ndi vuto lake la kutentha. Ndikufuna mabowo atsekedwe mwezi uno, mwera utaleka, matabwa ali ouma gwa.

Lachinayi

Mphwanga akugwira makwerero, ine ndikutokosa mabowo ndi msomali wosongoka. Pansi pa chomatira chakale tapeza masikuluwu akuda aja okhomera siling'i. Ambiri mitu inadyeka moti sikuludiraiva sikugwiranso. M'mabowo ena thabwa lada ndipo lafewa, msomali ukulowa osakankha.

Mlonda wa pano akuti dzimbiri likubwera ndi mphepo ya kunyanja. Ayi, nyanja yathu ilibe mchere. Chikuchitika n'chakuti bowo lomizira mutu wa sikuluwu limadula mizere ya thabwa, ndipo pamene mizere yadulidwa ndi pamene thabwa limamwa madzi kwambiri. Paini wa mulifupi ngati wa fesha bodi amafufuma m'dzinja n'kubwerera m'chilimwe, kusiyana kwake kumafika mamilimita awiri kapena atatu. M'litali sasintha kwenikweni. Ndiye bowo lozungulira lija nyengo ina limakhala lophwatalala pang'ono, pomwe ufa wouma uja sungatsatire. Mng'alu ukangotseguka, mvula ndi mame zimalowa n'kukhala pa mutu wa sikuluwu. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limakankha chomatira kuchokera mkati mpaka chigwe. Kumata bwino chotani pamwamba pa sikuluwu ya dzimbiri, chidzatulukabe.

Ndawaimbira eni nyumba.

“Bambo, ine ndimati mungomata n'kupaka penti. Masikuluwu atsopano abweranso bwanji?”

“Mayi, ndikamata pamwamba pa dzimbiri, pofika Isitala mudzandiimbiranso foni.”

Avomera. Masikuluwu akale ozuka tikuzula. Othyokera mkati ndikuwakhomera pansi ndi panchi, kuwadontheza red oxide, penti woteteza chitsulo ku dzimbiri, n'kuika yatsopano chapambali. Pa fesha bodi ndigwiritsa ntchito a galvanised, okutidwa ndi zinki woteteza dzimbiri, otuwa aja osanyezimira. Onyezimira ndi achikasu amene adzadza m'mashopu a pa boma ali ndi zinki wochepa kwambiri, ndi a mipando ya m'nyumba. Pa mlombwa pafunika a stainless, a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo amenewo mayi atumiza kuchokera ku Blantyre.

Mabowo ofewa ndawakulitsa ndi biti, kachitsulo kobowolera, mpaka utuchi utuluke woyera. Tiwasiya osatseka, dzuwa liwaumitse.

Loweruka

Mmisiri aliyense amene ndamufunsa ali ndi chomatira chake, ndipo aliyense akulumbira kuti chakecho sichigwa. M'malo mokangana ndatenga chidutswa cha paini, ndabowola mzere wa mabowo ofanana, ndamanga masikuluwu, n'kumata bowo lililonse ndi chinthu chake: putty ya magalasi, guluu woyera wosakaniza ndi utuchi, silicone, body filler ya oongola magalimoto, ndi epoxy, guluu wolimba wa machubu awiri. Chidutswacho ndachiika pa malata a khitchini ya panja. Masana chikuwotchedwa, madzulo mphwanga akuchithira ndowa ya madzi. Sikuti zimenezi zikufanana ndi dzinja lathunthu, koma zofooka kwambiri zidziulula msanga.

Thabwa limodzi la fesha bodi, pakona ya kumadzulo, lawola mpaka mkati. Talichotsa.

Lachiwiri

Ndinapita ku boma kukagula sandipepa, ndipo pobwerera ndinatsikira m'mphepete mwa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi, kumene kuli madala ena okhoma maboti a matabwa. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito pa maboti akuluakulu omanga ndi masikuluwu. Ndinawafotokozera za chidutswa changa cha pa malata. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa:

“Achimwene, zonsezo mwamata m'thabwa, nanga thabwa lenilenilo mwaliyesa?”

Iwo akuti pa boti sankamata phala lililonse pa mutu wa sikuluwu. Ankabowola bowo lakuya lofanana kukula kuchokera pamwamba mpaka pansi, kumanga sikuluwu, n'kukhomerapo chitsekero chozungulira chodula ku thabwa la mtundu womwewo. Chitsekero chikanyowa chimafufuma limodzi ndi thabwa, chikauma chimabwerera nalo limodzi, ndiye mpata wa madzi sutseguka.

Zitsekero ndimazidziwa, timaika pa matebulo ndi pa mabedi, koma ambiri a ife timangodula kamtengo kozungulira, dowel, n'kukhoma. Madalawo anakaniratu zimenezo. Dowel ikalowa m'bowo, mbali yoyang'ana kunja ndi yodulidwa mizere, yomwe ija yomwa madzi. Imatengera madzi ku mutu wa sikuluwu, ndipo ukapaka vanishi imada kuposa thabwa lonse. Komanso thabwa likauma n'kubwerera, dowel siifupika, imatsala itatukuka n'kung'amba penti. Chitsekero chabwino chimadulidwa pa nkhope ya thabwa, mizere yake itagona, ndipo pokhoma mizereyo iyang'ane kumene mizere ya thabwa ikulowera.

Ndinafunsa za guluu. “Madala, nanga mumamata ndi chiyani?”

Akuti nthawi zambiri sankamata ndi guluu. Ankaviika chitsekero mu vanishi kapena mu penti n'kukhoma. Chimagwira, madzi salowa, koma tsiku lofuna kusintha thabwa umachiswa ndi tchizulo n'kupeza mutu wa sikuluwu uli woyera, mpata wa sikuludiraiva wosatsekeka. Ukathira guluu wolimba, podzachotsa umang'amba ndi milomo ya bowo yomwe. Izi zandigwira mtima, chifukwa matabwa a m'mazenera amachotsedwa ndithu pamene felemu ikufuna kukonzedwa.

Chodulira zitsekero, plug cutter, m'mashopu a kuno sindinachipeze. Ndawalembera mayi pa WhatsApp kuti awonjezere cha mamilimita 10 pa katundu wa ku Blantyre.

Chakumapeto kwa Seputembala

Chidutswa cha pa malata chalankhula.

Guluu wa utuchi wanyala n'kusiya kadzenje, ndipo akanyowa amayera n'kufewa. Guluu woyera wamba si wa panja. Silicone yagwira ndipo madzi sakulowa, koma penti akukana kukhalapo, burashi ikadutsa amangodzikundika timadontho, ndiponso sandipepa siyisalaza. Yatuluka m'mpikisano. Putty ya magalasi yakwinyika pamwamba, mkati ikadali yofewa, ndipo thabwa lozungulira lada ndi mafuta. Putty ndi choko chosakaniza ndi mafuta a linseed, ndiye thabwa losapaka primer, penti woyamba wolowa m'thabwa, limayamwa mafutawo n'kusiya choko chokha. Akale ankaigwiritsa ntchito bwinobwino pa mabowo a misomali, koma ankayamba apaka primer, n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri isanapakidwe penti. Pa mabowo aakulu chonchi sindiikhulupirira.

Zatsala ziwiri. Body filler yalimba, yasalala bwino, koma ukayang'anitsitsa pali kamzere kopyapyala mbali imodzi ya bowo. Inapangidwira chitsulo cha galimoto chimene sichifufuma, ndipo yosapaka penti imamwa chinyezi. Epoxy ndiyo sinasunthe n'komwe. Vuto lake ndi mtengo: timachubu tija timatha mabowo ochepa, ndipo nyumbayi mabowo ake ndi ambirimbiri.

Ndagawa ntchito motere. Fesha bodi yonse ndi mlombwa wa m'mazenera, zitsekero za thabwa. Kudenga la khonde, kumene mvula ndi dzuwa sizifika, body filler. Epoxy ndaisungira mabowo aja ndinakulitsa chifukwa cha kuwola, amene sali ozungulira bwino moti chitsekero sichingakhale.

Katundu wa ku Blantyre wafika pa minibasi.

Lolemba lotsatira mpaka Lachisanu

Sabata yonseyi ndi ya zitsekero.

Plug cutter inapangidwira makina obowolera oima pa tebulo. Pa a m'manja imavina, chifukwa ilibe nsonga ya pakati. Ndabowola bowo la kukula kwake pa kathabwa kena, n'kukapanikiza ndi kalampu pamwamba pa thabwa lodulapo zitsekero, kuti kaziitsogolera. Ndikudula mzere wonse osabowoleza, kenako kuzithyola ndi nsonga ya sikuludiraiva. Ndisanadule ndikulemba mzere wa pensulo m'litali mwa thabwa, kuti chitsekero chilichonse chituluke ndi chizindikiro cha kumene mizere ikulowera. Uli pamwamba pa makwerero thukuta lili m'maso, mizere ya paini siioneka, koma pensulo imaoneka.

Za paini ndadula ku zotsala za thabwa latsopano. Za mlombwa ndadula ku thabwa lakale la m'zenera la bafa limene linang'aluka, chifukwa mlombwa umasiyana mitundu, wina wofiirira, wina wagolide, ndipo wa panyumba pomwepo ndiwo ungafanane.

Bowo ndi la mamilimita 10 mulifupi, kuya mamilimita 8. Pa thabwa la 25 patsala 17 oti sikuluwu igwire, ndi okwanira. Ndakulunga tepi pa biti kuti ndisapitirire. Mabowo akale anali otambalala pamwamba n'kuning'a pansi, kutsata mutu wa sikuluwu, ndiye biti ikuterereka. Kathabwa kotsogolera kathandizanso pamenepa. Masikuluwu a stainless ndi ofewa poyerekeza ndi achitsulo wamba, mu mlombwa mutu umaduka ukaukakamiza, choncho ndikuyamba ndabowola kanjira kake, n'kupaka kandulo pa mano.

Pa mlombwa ndatsata madala aja, kuviika mu vanishi. Pa fesha bodi ndasiyana nawo. Paini amasuntha kwambiri kuposa mlombwa, ndipo fesha bodi ili pansi penipeni pa malata, pamene kutentha kumafika poipa, ndiye ndaika guluu wa panja wosalowa madzi, wolembedwa D4 pa botolo. Guluuyo ndikupaka m'mbali mwa chitsekero mokha, asafike pa mutu wa sikuluwu.

Pokhoma, hamala ikhale yaing'ono. Chitsekero chikafika pansi kulira kumasintha, ndipo pomwepo usiye. Mphwanga anafunsa:

“Amalume, bwanji osachimenya chilowe chonse, tisavutike kudula?”

Ndinamuuza kuti chikaphwanyika mkati, m'dzinja chidzafufuma n'kutukuka. Chizitsala kunja pang'ono, tidule mawa.

Kudula kwake ndiye kofuna mtima. Tchizulo yakuthwa, yoyamba kudula chapamwamba, kutali ndi nkhope ya thabwa, kuti uone kumene chitsekero chikung'ambikira. Chikang'ambika chotsika, tembenuka udule kuchokera mbali inayo, apo ayi chithyokera mkati mwa bowo n'kusiya dzenje. Ukadziwa mbali yake umasenga pang'onopang'ono mpaka chilingane, kenako sandipepa yokhakhala ya nambala 80, kumalizira yosalalirapo ya 120, yokulunga pa kathabwa. Sandipepa yogwira ndi chala imakumba paini wofewa wozungulira n'kusiya chitsekero chili chotukuka, ndipo penti wonyezimira amaulula zimenezo dzuwa likapendeka.

Pa mlombwa zatuluka bwino kwambiri. Mlonda anafunafuna pa zenera la kuchipinda chochezera, anapeza zina, zina sanazione.

Thabwa latsopano la pakona ndi lothira mankhwala a chiswe, lobiriwira lija. Mankhwala a mtundu wa CCA ali ndi kopa, amene amadya masikuluwu achitsulo wamba msanga, ndiye pamenepo ndaika a stainless. Alinso ndi arsenic. Akazi a mlonda akhala akutola zidutswa zathu kukasonkhera moto, ndipo ndawapempha kuti zobiriwirazo asatenge: “Mayi, izi zokha ayi, utsi wake ndi phulusa lake ndi poizoni.” Ndaziika m'thumba pazokha.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Khonde. Apa ndamiza mitu ya masikuluwu mamilimita 3 okha ndi biti ya countersink, yokumba kadzenje ka mutu wa sikuluwu. Osaya kuposa apo chomatira chimakhala chopyapyala n'kusupuka. Mutu uliwonse kadontho ka primer, kuuma, kenako kumata.

Body filler ndi Okutobala wa ku Mangochi sizigwirizana. Masana kutentha kukufika madigiri 35 n'kupitirira. Pa chitini analemba kuti uli ndi mphindi zinayi kapena zisanu, koma anayesera kumalo kozizira. Kuno ikulimba pa sikirepa usanatsike makwerero. Muyeso wake ndi magawo awiri a mankhwala ofiira olimbitsa pa magawo 100 aliwonse a filler. Ena amachepetsa ofiira kuti ichedwe kuuma, koma ikachepetsedwa kwambiri imatsala yomata mkati ndipo imatseka sandipepa. Ine ndikusakaniza pang'onopang'ono, yokwana mabowo ochepa, ndipo tikuyamba m'bandakucha, anthu akuchokera ku mzikiti, kuweruka dzuwa lisanafike pamutu. Chitini chikukhala m'beseni la madzi pamthunzi.

Pomata, kanikiza kaye mwamphamvu kuti mpweya utuluke, kenako dutsanso kusiya kaphiri kakang'ono. Pakatha theka la ola imasalazika. Fungo lake limapweteka mutu, bola khonde ndi lotseguka.

Epoxy ya mabowo owola ndaisakaniza ndi utuchi wosefa kuti isayenderere, popeza fesha bodi ndi yoimirira. Akuya ndamata kawiri. Iyi ndi yolimba posalaza, ndiye osasiya kaphiri kakakulu, ndipo dzuwa limaiwononga ikakhala yosapaka, ndiye penti asachedwe.

Magetsi anazima masiku ena, koma gawo ili silifuna makina.

Pakati pa Okutobala

Penti. Pamalo ponse pomwe tasalaza ndayamba ndi primer wa matabwa, wa pinki uja, kupitirira pang'ono m'mbali mwa bowo. Kenako andakoti, penti wapansi, thabwa lonse, kenako penti woyera wa mafuta kawiri. Wina akadumpha primer, malo omata amamwa penti mosiyana ndi thabwa, ndipo mabowo amaonekanso ngati timadontho tosawala ngakhale atsekedwa bwino.

Ndapakanso m'mphepete mwa pansi mwa fesha bodi ndi m'malo olumikizira, momwe anzathu oyamba aja sanafikemo n'komwe. Madzi otsika pa malata amakakamira pansi pomwepo asanadonthe.

Tikuzungulira nyumba mothawa dzuwa: m'mawa kumadzulo, madzulo kum'mawa. Penti wopaka pa thabwa lotentha amauma khungu lokha, pansi pali pofewa, kenako amatuluka matuza. Tikusiya nthawi yabwino kusanade, chifukwa kukada tizilombo ta kunyanja timathamangira chilichonse choyera n'kumatirira. Galimoto ikadutsa pa msewu wafumbi timaima kaye.

Mlombwa walandira vanishi wa panja katatu, woyamba wosungunula pang'ono kuti alowe. Ndawauza mayi kuti vanishi pa dzuwa la kuno sakhalitsa ngati penti, mbali za kumpoto ndi kumadzulo azidzapakanso asanayambe kusupuka. Akadikira kuti asupuke, ntchito imakhala yopala thabwa lonse.

Lachitatu, chakumapeto kwa Okutobala

Usiku kwagwa chizimalupsa, champhamvu ndithu, ndi mphepo. M'mawa ndakwera kuzungulira nyumba yonse. Pa zitsekero palibe chasuntha. Pa khonde, bowo limodzi la body filler pafupi ndi kona, pomwe mphepo inalowetsa mvula, laonetsa kamzere kozungulira pansi pa penti. Ndalizunguliza ndi pensulo. Mzere wonse wa kunja wa khondelo ndiusintha, ndiike zitsekero, chifukwa zaoneka kuti mvula ya mphepo imafikako.

Chidutswa choyesera chija ndachisiya pa malata a khitchini, ndawonjezapo mabowo ena a zitsekero, china cha guluu, china cha vanishi, kuti chione dzinja lonse.

Zotsala: mzere wa khonde umenewo, vanishi womaliza pa chitseko cha kumbuyo, ndi kuchotsa madontho a penti pa magalasi. Mlonda ndamusiyira zitsekero zotsala m'botolo lotseka, za paini pazokha, za mlombwa pazokha, ndi katini ka primer. Tagwirizana ndi mayi kuti ndidzabwerenso mu Epulo mvula ikatha, ndi mu Seputembala matabwa atabwerera, popeza mng'alu wozungulira bowo umaoneka bwino thabwa likauma osati likanyowa.